Azakhali Akuyankha: Wanditukwana Kapena Wandipepesa?

Azakhali,

Ndine mtsikana wa zaka 27, ndimakhala ku Bangwe ndipo ndimagulitsa kaunjika mumsika wa Limbe. Ndili pachibwenzi ndi mnyamata wina kwa zaka ziwiri tsopano, ngakhale kwathu sanatumizeko munthu mpaka lero. Iyeyu sukulu anapita nayo patali, amagwira ntchito ya mu ofesi. Zinthu zikamayenda bwino timacheza m'Chichewa, koma tikangosemphana pang'ono, Chizungu chimayamba kukhuthuka ngati mvula ya mu Januwale.

M'mwezi wa Malichi ndinamutengera ngongole ya K60,000 kubanki m'khonde yathu, iye atalonjeza kuti abweza akalandira. Miyezi inayi yatha, ndalama osaoneka, ndipo chiwongoladzanja cha 20 peresenti ndikulipira ndine mwezi ndi mwezi. Kuwonjezera apo, pali nambala ina imene imamuimbira usiku. Anaisunga kuti "Plumber", koma chithunzi chake pa WhatsApp ndi cha mkazi wa nsidze zojambula. Nyumba imene amachita lendi ilibe ndi mpope womwe, madzi amagula pakiyosiki.

Nditamufunsa nkhani ziwirizi anandilembera kuti: "The amount is negligible, the issue is trivial, that girl is insignificant, and you are being petty."

Ine sukulu ndinalekezera Fomu 2. Mnzanga wa benchi yoyandikana nane akuti mawu anayi onsewo ndi amodzi, akungotanthauza kuti nkhaniyo ndi yaing'ono, ndiye ndiugwire mtima. Koma mtima ukukana kugwirika. Kodi pamenepa wanditukwana kapena wandipepesa?

Wothedwa nzeru, Bangwe

Mwana wanga,

Ndisanayambe, undiperekere moni kwa apulambala. Mpope wa kubafa kwanga wakhala ukudontha kuyambira chaka chatha, ndipo amisiri onse amene ndimawadziwa umachita kuwapempha ngati ukupempha mvula. Tsono uyu woimba yekha foni usiku, kufunsa za mapaipi a nyumba yopanda madzi, ndi mmisiri wosowa. Boma likanamupatsa mendulo.

Mnzako wa pabenchiyo sananame, koma walankhula ngati munthu wonena kuti nsima, phala ndi thobwa n'chimodzi poti zonse n'za ufa. Kamupatse mlendo phala pa nkhomaliro uone ngati adzabwerenso. Mawu anayi amene akutumizira abwana akowo onse amakamba za kuchepa, inde, koma lililonse lili ndi sikelo yake, ndipo limodzi mwa mawuwo silikuyeza nkhani ayi, likuyeza iweyo. Ine Chizungu changa si cha ku koleji, ndi cha pamakina otayipira. Ndinatayipa makalata a mabwana mu ofesi ina ku Limbe komweko kwa zaka zambiri, dikishonale ili pambali, ndipo kumeneko n'kumene ndinaona kuti bwana akafuna kuzemba mlandu sasankha liwu mwangozi.

Tiyambe ndi ndalama, poti chikondi chimadikira koma banki m'khonde sidikira. Negligible ndi liwu la anthu owerengetsa zinthu: maakauntanti, mainjiniya, madokotala. Muzu wake uli m'Chilatini, neglegere, kutanthauza kusatola, kuchisiya chinthu pomwe chagwera. Ndiye chinthu cha negligible ndi chija chikagwa m'thumba mwako suwerama n'komwe. Pamene kwacha inkalowa m'malo mwa paundi mu 1971, tambala imodzi ikagwa munthu ankagwada n'kuyamba kupapasa m'fumbi. Lero kakobiri ka K1 kakhoza kugona pakati pa msika wa Limbe tsiku lonse, anthu akukaponda, ana omwe osakatola. Imeneyo ndiyo negligible. Liwuli siliyenda lokha, nthawi zonse limakoka funso lakuti: poyerekeza ndi chiyani? Supuni ya mchere m'nyanja ya Malawi ndi negligible. Supuni yomweyo m'kapu ya tiyi wa apongozi ndi nkhani ya ankhoswe.

Tsono werenga nane. K60,000 ndi mapepala 12 a K5,000. Kawamwaze padepoti ya minibasi uone ngati anthu angawalumphe. Ndipo si yokhayo: 20 peresenti ya ndalamayo ndi K12,000, pa miyezi inayi wataya K48,000 chifukwa cha ngongole imene sunadyeko ngakhale tchipisi cha pachiwaya. Zonse pamodzi K108,000. Ndi madiresi angati amene uyenera kugulitsa padzuwa loswa mtengo, mawu atasasa ndi kuitanira malonda, kuti ndalama imeneyo ikwane?

Komabe pa liwu limeneli usakangane naye, ulilandire ndi manja awiri. Wadzitchera yekha msampha. Ngati ndalamayo kwa iye ndi yosaweramira, ndiye kuti kubweza sikungamupweteke. Umuuze kuti: zikomo bambo, poti ndi negligible, nambala yanga ya Airtel Money ndi yomweyi. Liwuli lilinso ndi mbale wake wa bere limodzi, negligent, la munthu wotayirira, wosasamala udindo wake. Limenelo likumukwana ngati suti yosokedwa kwa telala.

Trivial ndiye ndimalikonda, lili ndi mbiri yokoma. Aroma malo amene njira zitatu zakumana ankawatcha trivium: tri ndi zitatu, via ndi njira. Kwathu kuno timati pamphambano. Pamalo otere pamadutsa aliyense, wopita kumsika, wochokera kumowa, ndipo zokambidwa pamenepo ndi za aliyense. Choncho chinthu cha pamphambano chinasanduka chinthu wamba, chopezeka paliponse, chosafuna kuti munthu achite kuchikhalira pansi. Pambuyo pake, m'masukulu akale a ku Ulaya, dzina lomwelo analipereka kwa maphunziro atatu oyambira, galamala, kuganiza molongosoka ndi luso la kulankhula, amene wophunzira ankayenera kuwadziwa asanakwere kupita kwa anayi apamwamba: masamu, kuyeza mizere ndi malo, nyimbo ndi za nyenyezi. Ndiye trivial siliyeza kuchuluka ngati negligible, limayeza kulemera kwa nkhani. Ife tingati zazii, nkhambakamwa. Kukangana kuti yokoma ndi iti pakati pa nsima ya mgaiwa ndi ya ufa woyera, imeneyo ndi trivial. Za Bullets ndi Wanderers ndikanati nazonso ndi trivial, koma moyo ndikuufunabe.

Akatswiri a masamu amaligwiritsa ntchito mwanjira yawoyawo: kwa iwo funso la trivial ndi lija yankho lake lili poyera, losatulutsa thukuta. Ngati abwana ako amatanthauza zimenezo, ndiye zakhala bwino. Funso lakuti "mkaziyu ndani?" ayankhe, silifuna kakyuleta.

Koma chandiseketsa ine mpaka kutsamwa tiyi n'chakuti, mwa mawu onse a m'dikishonale, iye wasankha la njira zitatu. Iwe, iye, ndi apulambala. Mphambano yeniyeni. Azungu akhoza kupeputsa za pamphambano, ife ayi. Unaleredwa kuno, ukudziwa kuti ukapeza kansalu kofiira, dzira kapena timakobiri pamphambano m'mamawa, sutola ndipo sulumpha, umalambalala.

Insignificant likuchokera ku sign, chizindikiro. Chinthu cha significant chimaloza kanthu, chili ndi tanthauzo. Cha insignificant sichiloza kalikonse. Anthu ochita kafukufuku akamati kusiyana kwa zinthu ziwiri si significant, amatanthauza kuti kukhoza kukhala kongochitika mwangozi, munthu sangamangirepo mfundo. Foni imodzi usiku ikhoza kukhala yangozi, wina waphonya nambala. Koma ikakhala ya usiku ndi usiku, ngakhale pulofesa wa ku Zomba angavomere kuti apa pali chizindikiro.

Liwuli likagwera pa munthu limanyoza, ndiye kuti munthuyo sawerengeredwa, ali ngati palibe. Tamvetsetsa zimene wanena ndi zimene sananene. Sanati mkaziyo kulibe. Sanati ndi mlongo wake, sanati ndi msuweni, ngakhale za asuweni nazo timazidziwa. Wavomera kuti alipo, wangokupempha kuti usamuwerengere. Malemu amuna anga, mzimu wawo uuse mumtendere, anali ndi "mlembi wa kwaya" amene ankasowa nyimbo Loweruka lililonse. Nawonso ankati ameneyo si kanthu. Pamaliro pawo "si kanthu" ameneyo analira kuposa ine, mpaka amayi awiri kuchita kumugwira.

Chimene chikundidetsa nkhawa si mkaziyo, ndi pakamwa pa mnyamatayo. Munthu amene angatche mwana wa eni ake insignificant pofuna kukuziziritsa iwe, akakhala kwa uja amatulutsa liwu lomwelo pofuna kumuziziritsa iye. Dikishonale yake ndi imodzi. Tsiku lina mutakhala limodzi, foni yake ili patebulo, ungomuflasha uone dzina limene lituluke. Ukapeza "Wokondedwa", undilembere ndidzapepese. Ukapeza "Amakala" kapena "Kaunjika Limbe", usalire, ungodziwa kuti kampani ya abwanawo ili ndi antchito ambiri.

Tafika tsopano pa liwu limene lakuluma, ngakhale sunalidziwe. Thupi limamva mbola lisanadziwe dzina la kachilombo. Petty ndi Chifalansa chovala jekete ya Chingerezi: petit, chaching'ono. Mawu ambiri otere analowa m'Chingerezi Anormani a William atalanda England mu 1066, Chifalansa n'kukhala chilankhulo cha kunyumba ya mfumu ndi m'makhoti kwa zaka zoposa 200. Likakhala pa chinthu, liwuli lilibe mwano, limangonena kuti chinthucho n'cha gulu lapansi. Petty theft ndi kuba nkhuku ndi zovala za pachingwe, kosiyana ndi kuthyola banki. Petty cash ndi ndalama za m'kabokosi ka mu ofesi, zogulira shuga, masitampa ndi kukwerera basi kwa mesenjala.

Kabokosi kameneko ndinakasungapo ine. Kanali kachitsulo, kobiriwira, kiyi wake ndinkamumanga pangodya ya mpango. Tambala iliyonse yotuluka inkalembedwa pavocha, wotengayo n'kusaina, risiti n'kuimata kumbuyo. Lachisanu lina panasowa 35 tambala. Bwana, munthu wa digiri yake ndi tayi wake, anatseka chitseko n'kutiimika tonse asanu, kuyambira ine mpaka mesenjala, kufufuza mpaka 6 koloko madzulo. Pomaliza zinapezeka kuti risiti ya mabanzi inagwera kuseri kwa kabati. Palibe amene anati poti dzina lake ndi petty ndiye tingozisiya. Eni chilankhulo okhawo ndalama zing'onozing'ono anazitsegulira buku lakelake.

Bwana yemweyo ndi amene anandiphunzitsa tanthauzo lachiwiri, osati ndi pakamwa koma ndi zochita. Madzulo aliwonse ankajambula mzere ndi bolopeni pabotolo la shuga kuti m'mawa aone ngati mlonda wanyambitako. Tsiku lina mesenjala anamudutsa pakhomo osamupatsa moni, ali ndi mtolo wa mafayilo mpaka m'chibwano. Bwana anasunga zimenezo kuyambira Juni mpaka Disembala, n'kumufufuta pamndandanda wa phwando la Khirisimasi. Ameneyo ndiye munthu wa petty: wa kamtima, wowerenga nthuli za nyama mumphika, wosunga mangawa pa zinthu zosanunkha kanthu. Liwuli likachoka pa chinthu n'kukwera pa munthu, ndi chipongwe.

Waona tsono mmene chiganizo chakecho chayendera? Chayamba ndi ndalama, chadutsa pa nkhani, chadutsa pa mkazi uja, n'kudzatera pa iwe. Mawu atatu oyambawo akuchepetsa mlandu, lachinayi likuutembenuza. Unalowa m'bwalo uli wodandaula, watuluka mlandu uli pamutu pako. Ndiye yankho la funso lako ndi ili: sanakupepese. Kupepesa m'Chizungu ndi kaliwu ka zilembo 5, mwana wa Sitandade 1 amakadziwa, ndipo muuthengawo ndafufuza, mulibe.

Ndisakunamize, masiku ena nafenso timakhala a petty. Ukanandilembera kuti wamunyanyala mlungu wathunthu chifukwa sanaike chithunzi chako pa WhatsApp tsiku lako lobadwa, ndikanati mnyamata wanena zoona. Zosuzumira m'foni ya mwamuna nazo sindizilimbikitsa, m'menemo mumatuluka BP. Koma kufunsa ndalama imene ukuilipirira chiwongoladzanja si kamtima, ndi bizinesi.

Pali liwu limene ndinkaliyembekezera koma walizemba: minor. Limeneli ndi Chilatini cha "chocheperapo", mnzake wa major, "chokulirapo". Ubwino wa minor ndi wakuti limavomera kuti chinthu chachitika. Apolisi akati pangozi ya minibasi anthu apulumuka ndi minor injuries, mabala alipo, magazi atuluka, kungoti palibe wathyoka. Dokotala akati opaleshoni ndi minor, mpeni ulowa ndithu, kungoti mimbayo si ya dokotala. Ndipo kukhoti minor ndi mwana amene sanakwanitse zaka 18, msinkhu umene aphungu athu anaukhazikitsa m'malamulo aakulu a dziko mu 2017. Kodi mwana ndi wosawerengeredwa? Ndi yemweyo amene lamulo limamutchinjiriza koposa onse. Mnyamata wakoyo akanalemba kuti ndi minor problem, ndikanati pali poyambira, wavomera kuti bala lilipo, tikambirane za mankhwala. Iye wasankha mawu onena kuti bala palibe, vuto ndi maso akowo.

Poti nkhondo yake ndi ya Chizungu, ndikupatseko zipolopolo zingapo, usamapite chimanjamanja. Akabwera ndi K5,000 kuti "gwirako kaye", imeneyo ndi paltry: ndalama yochepa mochititsa manyazi, yoti wopereka akanayenera kuyang'ana pansi. Negligible amanena wosafuna kulipira, paltry amanena wolandira. Akayamba kuwerenga kuti chaka chatha anakugulira tchipisi ndi nkhuku m'tauni, umuuze kuti irrelevant. Limenelo silinena za kuchepa n'komwe, limangoti nkhaniyo si ya pano. Njovu ndi yaikulu, koma pa mlandu wa nkhuku yobedwa ndi irrelevant. Akati dandaulo lako ndi frivolous, dziwa kuti wabwereka kwa maloya, amene amatero pa mlandu wachibwana wongotayitsa khoti nthawi. Iwe ungomuonetsa buku la banki m'khonde momwe muli dzina lako ndi siginecha. Palinso nominal, lochokera ku nomen, dzina: chinthu chongokhalapo dzina lokha, ngati lendi ya K1 imene munthu amalipira kuti papepala paoneke kuti pali lendi. Zaka ziwiri, kwanu osatumizako munthu ngakhale wodzapempha madzi akumwa. Ndisanene zambiri, liwulo ulisunge, mwina udzalifuna pofotokoza chibwenzichi.

Koma mwana wanga, zipolopolozo ndakupatsa zongoseweretsa. Nkhondo ya Chizungu sungapambane, bwalo lake ndi la iyeyo, n'chifukwa chake amathawirako. Wanena wekha kuti chikondi amachita m'Chichewa, milandu m'Chingerezi. Ndinawaona ambiri otere mu ofesi muja. Munthu amene sangayerekeze kuuza mlonda pamaso kuti "ntchito yatha", ankandipatsa ine kuti nditayipe m'Chizungu, iye n'kusaina akuimba likhweru. Chizungu kwa anthu otere ndi jekete, akavala samva kuzizira kwa mawu awo omwe.

Chichewa chathu nachonso chimadziwa kuchepetsa, mwina kuposa Chizungu, poti ife sitichita kufuna dikishonale, timangoika ka kapena ti kutsogolo. Ndalama isanduka kandalama, nkhani zisanduka tinkhani, mkazi asanduka kamkazi, mtima usanduka kamtima. Koma ka wathuyu ali ndi fungo. Agogo akati "kamwana kanga" aliyense amamva chikondi, mpongozi akati "kamwamuna kakoko" aliyense amamva mwano, ndipo wonenayo sangabisale. Tamasulira uthenga wakewo umve mmene ukumvekera: "Kandalama kakoko n'kosaweramira, tinkhani takoti n'tazii, kamkaziko si kanthu, ndipo iweyo uli ndi kamtima." Kodi angayerekeze kunena zimenezo pamaso pa amalume ako, atakhala pampando, chipewa chili pabondo?

Ndiye chita izi. Lamlungu likudzali umuitanire kwanu masana, osati usiku, ndipo pakhale munthu wamkulu mmodzi, kaya amalume ako, kaya amayi apampando a banki m'khonde, amene ndikudziwa kuti Chizungu alibe nacho ntchito, iwo n'za manambala basi. Umuphikire tiyi, shuga usawerenge. Kenako utulutse foni, uwerenge uthengawo mokweza, liwu ndi liwu, n'kunena mwaulemu kuti: pepani, ife sukulu tinalekezera panjira, tatimasulirani. Ukatero ukhale chete. Usamuthandize. Akatsokomola umupatse madzi. Akamaliza, funso loyamba likhale la tsiku lobweza K108,000, lilembedwe m'buku, asaine. Za mkazi uja zibwere pambuyo, poti ukayamba ndi zimenezo mwamuna amapsa mtima n'kunyamuka, ndalama n'kunyamuka naye limodzi.

Ndalama ikalowa, za kukhala naye kapena kumusiya udzaganiza wekha mutu utazizira, zimenezo ine sindisankhira munthu. Pempho langa ndi limodzi. Zikapezeka kuti ndi pulambala weniweni, wa sipanala ndi ovolosi, nsidzezo n'zake, unditumizire nambala. Ndowa ya kubafa kwanga ndikukhuthula kawiri patsiku.

Azakhali ako